Funso Limene Alamu Sanafunse

"Nkhaniyi inatha kale. Akamuika kachitsuloko, agone kuchipatala masiku ochepa, abwerere kuno. Mukuiutsanso bwanji?"

Anali alamu, amuna a achemwali anga, ataima pakhomo la kukhitchini utuchi uli mbuu m'tsitsi. Ankayankha ine, koma maso ali kwa mlongo wawo kuti awathandize. Mlongo wawoyo tonse timawatchula kuti Awailesi, chifukwa akayamba kulankhula palibe amene amadziwa pozimitsira. Sanachedwe kuyamba.

Anandikumbutsa kuti ndine mlendo, ndafika dzulo ndi kachikwama, sindikudziwa mmene nyumbayi imayendera. Anati madokotala apeza kuti valavu ya mtima wa achemwali, kachitseko kamene kamaletsa magazi kubwerera m'mbuyo, yasiya kutsekeka bwino. Njira zokonzera zilipo ziwiri. Ina n'kulowetsa kachubu mumtsempha wa pantchafu mpaka kukafika kumtima, n'kupanira potayapo ndi kachitsulo. Inayo ndi opaleshoni yotsegula chifuwa.

"Ndiye inu mukufuna mlamu wanga amutumbule ngati nkhuku, atsale ndi chipsera kuchokera pakhosi mpaka pamimba?" anatero Awailesi akutakasa tiyi. "Komanso akuti ukachitidwa opaleshoniyo umatha miyezi osanyamula ngakhale ndowa ya madzi. Nanga bambo awanyamula ndani? Ine msana wanga mukuudziwa."

Apo ndiye panagona nkhani. Apongozi a achemwali, bambo a alamu ndi Awailesi, anagwidwa ndi sitiroko n'kufa mbali yonse yakumanja. Sadzuka okha, satembenuka okha. Wowadzutsa, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza kuti asachite zilonda anali achemwali. Alamu ndi kalipentala, shedi yawo ili kuseri kwa nyumba pomwepa, ndipo chitseko chathunthu amachinyamula ndi mkono umodzi. Koma kuchipinda kwa bambo awo ankangosuzumira m'mawa n'kufunsa mmene adzukira.

Mwini mtimawo anali pomwepo, pakampando kafupi, akuchapa nsalu zofunda za apongozi m'beseni. Akachikicha pang'ono, apume kaye, pakamwa pali yasa. Akakolo anali atatupa mpaka nsapato zinakana. Tinakangana kupitirira pamutu pawo kufikira tiyi atazizira, ndipo palibe amene anawafunsa kanthu. Zinandipweteka, chifukwa kwathu achemwali tinkawatchula kuti Mafunso. Ndi munthu amene anaphwasulapo wotchi ya bambo athu kuti aone chimene chimalira m'katimo. M'nyumba iyi ndinapeza mafunso aja atauma.

Kapena ndinkangoganiza choncho. Masana a tsiku lotsatira ndinawakhazika pakhonde kuti ndiwaluke tsitsi, poti ndiyo ntchito yanga, ndipo munthu akakupatsa mutu pakamwa pamatseguka pokha. Anandiuza kuti mawu a dokotala iwo sanawamve. Atawapima, anawauza kuti avale, ndipo ali kuseri kwa katani akulimbana ndi mabatani, dokotala anayamba kukambirana ndi alamu. Pamene ankatuluka, nkhani inali itatha, amuna awiri akugwirana chanza.

"Sindikudandaula ayi," anatero. "Koma pali kanthu kakundiyabwa. Ngati kachitsuloko n'kabwino chonchi, kosapweteka, kochira msanga, opaleshoni anaisungiranji? Bwenzi anaitaya kalekale. Munthu wanzeru zake angasankhe mpeni pali njira ina? Ndiye kuti pali chimene mpeni umachita, chimene kachitsulo sikachita."

Ndinati safunsa anadya phula. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ndisakoke kwambiri, mutu ndi wawo.

Mwayi unabwera wokha. Achemwali anafunika kupita kuchipatala kukapimitsa magazi asanawaike kachitsuloko, ndipo tsiku lomwelo alamu anali ndi zitseko zoti akapereke kwa mwini wake. Alamuwo anandiuza kuti ndiwaperekeze achemwali, koma ndisakayambitse zinthu. Ndinalonjeza ndi mtima wonse. Sanauze achemwali kuti nawonso alonjeze.

Pabenchi la odwala mtima anthu amakhala ngati ali m'basi yosanyamuka, aliyense maso kuchitseko cha dokotala. Achemwali anakhala pafupi ndi agogo ena aamuna ovala chipewa, oonda ngati nsungwi. Sipanapite nthawi, anali atadziwa kale kuti agogowo anaikidwa kachitsulo komweko. Anawafunsa ngati amakamva kakugwedera akamayenda, ngati kamachita dzimbiri, ngati kamazizira kukazizira. Agogo anasangalala kupeza wowamvetsera. Anati samva kalikonse, ndipo kachitsuloko ndi kamene kanawabwezera mpweya, chifukwa madokotala anaona kuti thupi lawo silikanapirira opaleshoni. Tsopano amafika okha kumsika.

Ndinaona achemwali akugwedeza mutu, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yatha, alamu apambana. Koma mayi wina wa msinkhu wa achemwali, amene anakhala kumapeto kwa benchi akuluka chipewa cha mwana, analowerera. Anati iyenso anayamba ndi kachitsulo chifukwa ankaopa mpeni. Poyamba zinayenda bwino. Patapita nthawi befu anabwerera, miyendo inayambanso kutupa, ndipo atamupima anapeza kuti magazi ayambanso kubwerera. Mapeto ake anamutsegula chifuwa chomwecho chimene ankachitchinjiriza.

"Sindikunena kuti ndi onse," anatero mayiyo. "Agogowa si awa ali bwinobwino. Koma ine ndinavutika kawiri."

Achemwali anasendera pafupi n'kunong'ona. Ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi nditamva kuti akupempha kuona chipsera. Mayiyo sanakane. Anatembenukira kukhoma, anamasula mabatani apamwamba, achemwali n'kusuzumira mwachidwi ngati akusankha nsalu. Kenako anandiitana ndi dzanja kuti nanenso ndione. Kanali kamzere koyera, kowongoka, kopyapyala. Nkhuku ya Awailesi sindinaione.

Titalowa, dokotala anatiyang'ana, n'kuyang'ananso kuchitseko. Anali bambo waulemu, wa magalasi, wotopa ndi anthu.

"Bambo aja sanabwere lero?"

"Ali kuntchito, adokotala. Koma mtimawo ndabwera nawo."

Dokotala anachotsa magalasi, anawapukuta nthawi yayitali, n'kupepesa. Anati zimachitika kawirikawiri kuti amalankhula ndi amene waima pafupi, m'malo mwa amene wagona pabedi, ndipo si bwino. Kenako anafunsa chimene achemwali akufuna kudziwa. Sanadziwe kuti watsegula mpopi.

Choyamba anapempha kumva mtima wawo. Dokotala anawaika chopimira chake m'makutu, n'kugwiritsa mbali inayo pansi pa bere lakumanzere. Achemwali anatseka maso. Nkhope yawo inasintha, ndinaona mtsikana uja wa wotchi ya bambo.

"Kukumveka kafuu, kafuu, pakati pa kugunda. Ndi chimenecho?"

Dokotala anavomera kuti amenewo ndi magazi obwerera. Anajambula valavuyo ngati chitseko cha mbali ziwiri zimene ziyenera kukumana pakati. Mbali imodzi ya achemwali inali italefuka. Kachitsulo kamagwira mbali ziwirizo pamodzi pamalo potayira, ndipo kutayako kumachepa, ngakhale kuti nthawi zina sikutheratu. Pa opaleshoni amafika pa valavu penipeni, amasoka, amalimbitsa ndi mphete kuzungulira.

"Ndiye pakapita zaka, zimatha bwanji?" anafunsa achemwali. "Osati mwezi wamawa ayi. Ine ndikufuna kuona zidzukulu zikupita kusukulu."

Dokotala anayankha mosabisa. Anati masiku oyamba kachitsulo kamapambana, munthu savutika kwambiri ndipo amadzuka msanga, n'chifukwa chake ndi mdalitso kwa okalamba ndi ofooka. Koma akawatsata anthu kwa zaka, amene kutayako kumawabwerera, kapena amene amafunika kukonzedwanso, amachuluka pakati pa oikidwa kachitsulo kusiyana ndi ochitidwa opaleshoni. Opaleshoni ili ndi zoopsa zake, imapweteka, ndipo fupa la pachifuwa limafuna miyezi kuti ligwirane. Komabe kwa munthu wa msinkhu wawo, wa thupi lolimba, wa valavu yowonongeka mwa mtundu umenewu, iye ndi anzake amalangiza opaleshoni.

"Zimenezi ndinawauza bambo aja," anatero motsitsa mawu.

"Iwo anafunsa chiyani?"

Dokotala anazengereza pang'ono. "Anafunsa kuti ndi njira iti imene mungayambirenso ntchito msanga."

Ine magazi anawira. M'basi pobwerera ndinali nditakonza kale mawu oti ndikawalase nawo alamu, ena oti sangalembedwe. Achemwali anali phee, akuyang'ana pawindo, dzanja lili pachifuwa ngati akumverabe kafuu kaja. Anandiuza kuti ndikafika nditseke pakamwa. Anati iwo sanakwiye kwenikweni, akungofuna aone kuti amuna awo adzayankha chiyani akafunsidwa.

Anadikira mpaka Lamlungu masana, Awailesi atabwera kudzaona bambo awo ndi kudzamwa tiyi. Alamu anali pampando wawo akunola pensulo ndi mpeni. Achemwali sanakhale pakampando kafupi kaja. Anakhala patebulo, n'kunena mofatsa kuti alankhula ndi dokotala ndipo asankha opaleshoni.

Awailesi anatsegula mpaka kumapeto. Anati walira mvula walira matope, munthu asadzalire chifuwa chikadzamupweteka. Anati izi ndi nzeru za mlendo, n'kundiloza ndi supuni. Anati banja limayenda ndi mutu umodzi, ndipo achimwene awo anasankha kale. Achemwali anawasiya mpaka mpweya utawathera, kenako anatembenukira kwa alamu.

"Ndikufunseni, amuna anga. Dokotala anati kachitsuloko kamakhalitsa bwanji mwa munthu ngati ine?"

Alamu anapitiriza kunola pensulo yakuthwa kale. Anati sakukumbukira bwino, panali mawu ambiri.

"Munafunsa?"

"Sindinafunse."

"Chikundidabwitsa n'chakuti inu si munthu wotero. Munthu akabwera kushedi ndi mpando wogwedera, n'kunena kuti mungokhomapo msomali akufulumira, mumakana. Ndimakumvani ndili kukhitchini kuno. Mumati msomali ndi wa lero, mpando ubweranso. Mumauphwasula, mumaumata bwinobwino, mwini wake adikire ngakhale akwiye. Ndiye ndakhala ndikudzifunsa kuti mpando wa mlendo mumaufunira zaka, nanga ine munandifunira masiku chifukwa chiyani?"

Alamu anaika pensulo pansi. Anati iwo ankaopa mpeni, ankaopa kuti achemwali akagona patebulo lija sadzukanso. Ndikhulupirira kuti sananame. Achemwali anavomera kuti nawonso akuopa, ndipo anawathokoza. Koma anati mantha amenewo akanakhala okha, funso limene anafunsa dokotala likanakhala lina.

"Chabwino, tamva," anatero Awailesi. "Koma sindinayankhidwe. Bambo awanyamula ndani?"

"Bambo anabereka," anayankha achemwali. "Ali ndi mwana wamwamuna wonyamula zitseko, ali ndi mwana wamkazi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wanga wasenza mpaka mtima watayikira. Nthawi ilipo ndisanapite, bwerani ndikuonetseni mmene ndimachitira."

Awailesi ananyamuka, tiyi osamaliza, n'kunena kuti bambo awo akadzachita zilonda aliyense adzadziwa wochititsa. Alamu anangoti tiona, n'kupita kushedi. Masiku onse otsala makina ocheka matabwa ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo kuphunzira kuja sikunachitike. Sanaletse opaleshoni, koma ankayenda m'nyumba ngati munthu wolandidwa kanthu. Achemwali anandikokera pambali n'kundichenjeza kuti ndisayerekeze kuwanyamula apongoziwo ngakhale kamodzi. Anati ntchito ya m'nyumba muno ili ngati ulimbo, ukangoikhudza yakumata, ndipo amuna awo adzangosintha mkazi wonyamula.

Opaleshoni inayenda bwino. Ine ndinakhala nawo kuchipatala, ndipo achemwali atangoyamba kulankhula, chubu chitachoka kukhosi, anafunsa namwino ngati angamvenso mtima wawo. Anamvetsera nthawi yayitali, n'kunena kuti kafuu kaja kasowa, mwina akasiya patebulo. Alamu anabwera kudzawaona, anaima kumapazi kwa bedi chipewa chili m'manja, maso ofiira. Dokotala ulendo uno analankhula akuyang'ana achemwali. Anati mpaka fupa litagwirana asanyamule cholemera, asakoke, asakankhe, ngakhale podzuka pampando asatsamire manja. Akaswa lamuloli fupa likhoza kutseguka.

Tinabwerera kunyumba m'mawa wina kukuwala bwino. Fungo linatilandira pakhomo. Nsalu zofunda zinali mulu pakona, beseni lili ndi madzi a dzana. Alamu ndi Awailesi ankawadyetsa bambo awo ndi kuwasintha zovala, koma ankawakoka m'khwapa n'kuwasiya chagada tsiku lonse, kudikira mwini ntchito. Nditasuzumira ndinaona pathako pa apongozi patafiira, khungu litayamba kusupuka. Ndinafuna kubisa, koma achemwali anawerenga pankhope panga.

Tinawakhazika pampando wa pabalaza, atakumbatira pilo pachifuwa monga anawaphunzitsira. Apongozi anamva mawu awo. Chigwireni sitiroko, mawu amene amatuluka bwino m'kamwa mwawo ndi amodzi okha, ndipo anayamba kuwaitana kuchokera kuchipinda.

"Mayi. Mayi."

Achemwali amawakonda apongozi awo, zimenezo palibe angatsutse. Ndinaona mapazi awo akusendera pansi pa mpando, thupi likuweramira kutsogolo lokha, dzanja limodzi litasiya pilo n'kugwira chotsamira. Alamu anali ataima pakati pa balaza. Ankangowayang'ana, ndipo ndinadziwa kuti akudikira. Apo ndinaona kuti zonse zija, benchi, dokotala, mpeni, zikhoza kuthera pa sitepe imodzi.

"Mayi."

Achemwali anachotsa dzanja pachotsamira pang'onopang'ono, n'kulibwezera papilo. Anatsamira kumbuyo. Misozi inatsika osaipukuta.

"Akuitana," anatero kwa amuna awo. "Lowani."

Alamu anaima kanthawi, kenako analowa n'kukankha chitseko. Tinamva bedi likulira, apongozi akubuula, chinthu china chikugwa pansi. Ine ndinakhala pamanja anga kuti ndisanyamuke. Patapita nthawi chitseko chinatseguka, alamu anatulukira thukuta lili kamukamu, malaya atatuluka m'thalauza. Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana mkazi wawo.

"Kodi mkono wakufawu umauika pati ukamawatembenuza? Ukumangotsalira pansi, akumva kuwawa."

Achemwali anapukuta m'maso ndi ngodya ya pilo. Anawauza kuti ayambe aupinda pachifuwa, apinde bondo, aike dzanja limodzi paphewa lina pachiuno, ndipo awauze bambo awo chimene akufuna kuchita asanawagwire, chifukwa makutu ndi amoyo. Alamu anabwereza mawuwo chapansipansi ngati mwana wa sukulu. Kenako anafunsanso kuti pofiirapo apakepo chiyani, ndiponso kuti munthu amatembenuzidwa kangati kuti zisafike pamenepo. Achemwali anati pa maola awiri aliwonse.

"Usana ndi usiku womwe?"

"Usana ndi usiku womwe."

Anayang'ana akakolo a mkazi wawo, amene tsopano anali ataphwa, n'kuyang'ana pilo uja. Anatembenuka kubwerera kuchipinda, dzanja likukoka chitseko.

"Musatseke," anatero achemwali, akusendeza mutu kuti aone bwino. "Chiyambireni sindinaonepo mmene zimaonekera wina akamachita. Ndikufuna ndione."